Mmene ndinaphera mjigo ndi pensulo

Takondwa, ika foniyo pansi. Ndamva zonse zimene mwakhala mukunong'onezana ndi Limbani kuseri kwa nkhokweko. Akuti agogo akalemba uthenga pafoni amangoti, "Bwerani Loweruka. Tengani khasu," osapereka ngakhale moni, ngati mawuwo amachita kugula kugolosale. Akuti munthu anaphunzitsa sukulu mpaka kumera imvi koma chiganizo chake sichifika mawu asanu. Sekani ndithu, mano mukadali nawo. Koma senderani kuno ndikuuzeni, chifukwa ine amene mukundionane ndinali munthu wa mawu ambiri kuposa aliyense kuyambira kunsi kwa phiri la Michesi kuno mpaka ku Migowi, ndipo luntha langalo linatsala pang'ono kumwetsa mudzi wonse matope.

Inu mumayesa kuno ndi kwathu. Kuno ndi kwa anganga anu, awo akusankha nandolo palichero ngati sakumvawo. Ine ndinabwera ndi sutikesi yamalata ndi njinga, kudzakhala chikamwini. Mkamwini masiku amenewo munda si wake, mango si ake, ngakhale ana amene wabereka yekha amati eni ake ndi amalume awo. Pamsonkhano amakhala kumbuyo n'kumagwedeza mutu. Ine chimene chinkandikhazika kutsogolo chinali chimodzi chokha: ndinali mphunzitsi, ndipo wodziwa kugwira cholembera m'mudzi muno ndinali ine. Makalata onse opita kwa amuna amene anali kumaesiteti a tiyi ku Mulanje ankalembedwa pakhonde pomwepa. Mayi akabwera n'kunena kuti, "Aphunzitsi, muwauze bambo a mwanayu kuti denga likudontha," ine ndinkadzaza tsamba lonse ndi moni, lachiwiri ndi za nyengo ndi mmene chinangwa chachitira, denga n'kudzalowa kumapeto kwenikweni. Ndikawawerengera, amayi aja ankaomba m'manja. Kaya madengawo ankafoleredwa, sindinafunsepo.

Tsono za madzi. Iwe Limbani umakwinya nkhope akakutuma kumjigo, pamene ndi apa pomwe, ukhoza kupita phala lili pamoto n'kubwera lisanapse. Ife tinkamwa kudambo. Chitsime chake chinali dzenje lokumba ndi khasu, ndipo Okutobala akafika amayi ankakhala molizungulira ndi zikho, kudikira kuti madzi atuluke pang'onopang'ono mumchenga. Madziwo ankaoneka ngati thobwa. Mvula yoyamba ikagwa, zonse za kutchire zinkakokolokera momwemo, matenda otsegula m'mimba n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo. Ifenso tinaikapo mwana, wopondana ndi mayi anu a Jeni, asanayambe n'kuyenda komwe. Anganga anu sakonda kuti nkhani imeneyi izikambidwa, ndiye ndaitchula kamodzi, basi.

Matipate atalowa, zinthu zinayamba kubwera ndi magalimoto oyera. Bungwe lina linadzatikumbira mjigo, koma linabwera ndi lamulo lachilendo. Akuti mjigowu ndi wanu, ukawonongeka musatiyang'ane ife, ndipo okonza akhale amayi poti otunga ndi iwowo. Amuna tinaseka chamumtima. Anasankha amayi atatu, anganga anu ali m'gulumo, n'kupita nawo ku Migowi kukaphunzira sabata imodzi. Anabwerako ndi sipanala yaikulu ndi buku lachingerezi, ndipo wosunga sipanalayo anali anganga anu, munthu amene sanapondepo m'kalasi chibadwire. Ankaikulunga m'chitenje chatsopano n'kuisomeka kudenga. Tsiku lina ndinaipempha kuti ndimangire chishalo cha njinga, anandiyang'ana ngati ndapempha chikho cha mgonero cha kutchalitchi.

Amene zinawawawa kwambiri anali alamu anga a Muhiwa, mchimwene wawo wa anganga anu. Iwo ankakonza njinga pamphambano paja pamene pali chigayo lero, ndipo chitsulo chilichonse m'mudzi muno ankachiyesa chawo. Akakumana ndi mlongo wawo ankamupatsa moni woti, "Mwadzuka bwanji, a injiniya?"

Zaka ziwiri mjigo unagwira ntchito osadandaula. Chaka chachitatu, nthawi yotentha, unayamba ulesi. Munthu ankapopa mpaka thukuta kamukamu kuti ndowa ifike pakati. Amayi aja anadziwa vuto lake. Pansi penipeni pa mjigo, kumapeto kwa ndodo zachitsulo zolumikizana, pali chimene amati pulanja, ndiye chimene chimakweza madzi. Pulanjayo imavala kalabala kozungulira, kokhala ndi kukamwa ngati kambale. Kukamwako kukaloza kumwamba kamanyamula madzi, koma kakatha madzi amathawira m'mbali. Anganga anu anayenda wapansi mpaka ku Migowi kukatenga katsopano, pobwera atakamanga pamfundo ya chitenje. Koma chiphunzirireni anali asanatsegulepo mjigo, ndipo zambiri zinali zitawathawa m'mutu. Ndiye tsiku lina anandiikira buku lija pamwendo.

"Bambo a Jeni, tatiikirani izi m'Chichewa. Tingofuna tidziwe choyamba kuchotsa n'chiti, chachiwiri n'chiti."

Ana inu, ndinasangalala. Ndinatenga kope latsopano. Masiku anayi ndikaweruka kusukulu ndinkakhala patebulo, mpaka ndinadzaza masamba khumi ndi awiri. Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinaitanitsa amayi aja pansi pa mango, ena osakhudzidwa n'kubweranso kudzamvera. Ndinaimirira, ndinakonza kukhosi, n'kuyamba.

"Poyamba penipeni, tisanalowe m'kati mwa nkhani yofunika kwambiri imeneyi, nkoyenera ndiponso nkofunika kuti wowerenga aliyense azindikire kuti madzi, monga tonse tidziwa, akhala ali bwenzi la mtundu wa anthu kuyambira pa chilengedwe cha dziko lapansi."

Ukuseka chiyani, Takondwa? Chinali Chichewa chabwino chimenecho. Patsamba lachinayi ndinali ndisanafike pamjigo. Pa lachisanu ndi chimodzi, a Elube, azakhali awo a anganga anu, anawodzera mpaka duku linagwa. Sipanala ndinaona kuti ndi dzina lotchipa, ndiye ndinailemba kuti "chipangizo chachitsulo chomasulira ndi kumangira zomangira." Mayi wina anagunda mnzake n'kumufunsa kuti, "Kodi chimenecho ife anatipatsa?" Chonsecho sipanala ili pamwendo pa anganga anu.

Amene anandidula ndi anganga anu omwewo. "Aphunzitsi," anatero, ndipo akanditchula choncho ndimadziwa kuti zinthu sizili bwino, "ife manja adzakhala ali girisi yekhayekha, ndodo ili lende m'dzenje. Tidzaime kuti timvere za chilengedwe cha dziko? Tajambulani chithunzi ngati zimene ankationetsa ku Migowi. Mawuwa achepe."

Anthu anaseka, ine zinandipweteka. Ndinati chabwino, akufuna mawu achepe, ndiwachotsa onse. Ndinatenga kalendala yakale, kuseri kwake koyerako, n'kujambula ndi pensulo zitsulo zonse za mjigo, chilichonse pachokha, popanda chilembo ngakhale chimodzi, nambala yomwe ayi. Kujambula ndinkatha, musaone manja akunjenjemerawa. Masiku amenewo zithunzi zosindikiza kusukulu kunalibe, mtima wa munthu ndi mapu a Malawi tinkajambula tokha ndi choko. Pulanja ndinaijambula yaikulu pakati, kalabala kali pamalo pake, kukamwa kutaloza kumwamba monga m'buku. Ndodo imene imagwira pulanjayo sindinaijambule, ndinati ingodya malo. Ndinapereka pepalalo kwa anganga anu, ndipo Lachiwiri m'mawa pamene amayi ankakatsegula mjigo ine ndinakwera njinga wa kusukulu.

Pobwera masana ndinapeza anthu ali piringupiringu pamjigo. Chogwirira chinkangopepuka m'manja, madzi ngakhale dontho. Dzulo lake unkatulutsako pang'ono, tsopano unali utaferatu. A Muhiwa anali ataima pasimenti manja ali m'chiuno.

"Ndinanena ine! Chitsulo si mthiko. Mwaupha mjigo, tsono anawa amwa chiyani? Bweretsani sipanalayo kwa eni ake."

Wapampando wa komiti ya mjigo, a Namakhwa, anali mkulu wa mpingo, munthu wofatsa. Anati wina aliyense asaukhudzenso mjigowo, angagwetsere ndodo m'dzenje, mpaka Loweruka pamene mudzi udzakhale pansi n'kuona ngati sipanala ikhalebe kwa amayi. Madzulo omwewo ndowa zinayambanso ulendo wa kudambo, ndipo mitambo inali itayamba kale kusonkhana pamwamba pa Michesi. Aliyense ankadziwa chimene mvula ikagwa chidzatsatire.

Lachitatu masana ndinapeza anganga anu atakhala pakhonde, pepala langa lili m'manja. Sankalira, koma nkhope inali itagwa.

"Bambo a Jeni, ine sindikumvetsa. Kalabala kakale kaja kanatuluka kali zidutswazidutswa, ndiye tinangotsata pepala lanuli. Ndinaika momwemu, kukamwa kutaloza pansi. Taonani. Kapena ndi kusaphunziraku, maso anga saona zimene anzathu ophunzira amaona."

Ndinayang'ana. Pepalalo analigwira mozondoka, ndipo panalibe kanthu kalikonse papepalapo kowauza kuti lazondoka. Kusukulu chithunzi chimakhala choimirira. Ngakhale nthawi imeneyo, sukulu yaulere itadzaza ana mpaka pansi pa mitengo, bolodi tinkalitsamiritsa kumtengo, ana onse n'kukhala mbali imodzi, kumwamba kwake n'kukhala kumwamba kwa aliyense. Koma amayi akamagwira ntchito sapachika pepala. Analiyala pasimenti, kulipsinja ndi miyala, iwo n'kukhala molizungulira monga amakhalira pamphasa. Kumwamba kwa wina kunali kunsi kwa mnzake. Zaka zonse zija ndikuphunzitsa, zimenezi zinali zisanandibwererepo m'mutu.

Apa ndi pamene agogo anu anachita zamanyazi, ndipo ndikukuuzani poti mwakula. Ndinadziwa pomwepo kuti wolakwa ndine, koma ndinangoti, "Hmm," n'kulowa m'nyumba. Ndinaganiza kuti ndikavomera, anthu adzati mkamwini uja amene chake n'cholembera chokha, cholembera chomwecho chapha mjigo. Adzandiitananso ndani kuti ndilembe kalata? Lachinayi ndinakhala chete. Lachisanu ndinakhala chete. Anganga anu ankalawirira kudambo, kumene amayi anzawo ankasiya kucheza iwo akafika. Madziwo ankawaphitsa asanapatse ana, nkhuni zake akuchita kukatola kuphiri, ndipo ine ndinkangomwa madzi onunkha utsiwo.

Loweruka mudzi unasonkhana pamjigo pomwepo. A Muhiwa anayankhula nthawi yaitali, pamenepo pokha tinkafanana. Atatha, a Namakhwa anafunsa ngati amayi ali ndi mawu. Anganga anu anadzuka, anamasula chitenje chija, n'kuika sipanala pasimenti ndi manja awiri.

"Ine ndalephera. Anzangawa musawadzudzule, woika kalabala ndinali ine. Pepala anajambula bwino aphunzitsi, koma ine sukulu sindinapite."

Mawu amenewo anandilasa. Munthu akundiyeretsa ine pamaso pa abale ake, akudzidetsa yekha. Ndinangozindikira ndaimirira.

"Atcheya, ndipempheko pepalalo."

Ndinaliyala pansi. A Muhiwa ndinawaimika mbali iyi, a Namakhwa mbali inayo. "Alamu, kalabalaka kukamwa kwaloza kuti?"

"Kumwamba. Mwana yemwe akhoza kuona."

"Nanga inu atcheya?"

"Aa, apa kwaloza pansi."

"Pansi pati, akulu? Tapukutani magalasiwo!"

"Ine ndikuona bwinobwino, a Muhiwa. Pansi."

Anakangana amuna awiri akuluakulu, mpaka a Muhiwa anazungulira kuti akawalozere ndi chala. Atafika mbali inayo anangoti kukamwa yasa. Anthu anafa nacho chiseko. Ine ndinadikira kuti chithe, kenako ndinanena mawu ochepa kuposa onse amene ndinanenapo pagulu.

"Mjigo sanaphe amayiwa. Ndapha ndine. Pepala langali lilibe mutu, lilibe miyendo."

A Elube anakweza mawu kumbuyo. "Nanga m'masamba aja munatigoneka nawo tulo, zimenezi munalibe?" Chiseko chinayambiranso, tsopano akuseka ine. A Namakhwa anatola sipanala n'kuibwezera kwa anganga anu, nati amayi ayesenso Lolemba. A Muhiwa anati chabwino, koma iwo adzakhala pomwepo maso ali tong'o, ndipo zikakanikanso asadzamvenso za pepala.

Pobwerera kunyumba anganga anu anali patsogolo, sipanala ili kukhwapa. Titafika pankhokwe anatembenuka.

"Mwadziwa liti?"

Ndikanatha kunama. Ndinati, "Lachitatu."

"Lero ndi Loweruka," anatero, n'kulowa kukhitchini. Tsiku limenelo sanandiyankhulenso.

Lamulungu masana anabwera ndi makalendala akale amene anapempha m'makomo, n'kundikhazika pamphasa ngati mwana wa sitandade wani. Anayamba ndi kundifunsa ngati ndinawamvapo akuphunzitsa Jeni kuphika kalongonda. Inu simumudziwa bwino kalongonda, mumati amachedwa kupsa, mumafuna zamadzimadzi za m'mapaketi. Nyemba imeneyo ukaiphika mothamanga imaledzeretsa nyumba yonse. "Ine ndimangoti wiritsa, taya madzi, senda, wiritsanso, tayanso," anatero. "Ndikayamba ndi mbiri ya kalongonda, mwana adzatipha. Gwirani pensulo."

Iwo ankanena, ine ndinkajambula. Pepala limodzi, ntchito imodzi. Loyamba kumasula chivundikiro, lachiwiri kuchotsa chogwirira, lachitatu kusolola ndodo n'kuziyala mwandondomeko, yoyamba kutuluka ikhale kutali. Pakona pa pepala lililonse anati ndiike timizere, kamodzi, tiwiri, titatu, poti timizere aliyense amatha kuwerenga. Pansi pa chithunzi anandilola kulemba mawu, koma akapitirira anayi ankandigwira dzanja.

"Amenewo akuti chiyani?"

"Akuti mosamala kwambiri."

"Fufutani. Alipo amene angaganize kuti munati mosasamala?"

Titafika papulanja ndinajambula ndi ndodo yake yomwe, n'kunena kuti ndiikepo muvi woloza kumwamba. Anakana, akuti muvi ngakhale uzondoke umalozabe kwinakwake. "Jambulani mzimayi ataimirira pambali pake, ndowa ili pamutu. Palibe amene angagwire pepala mayi ali miyendo m'mwamba, madzi angatayike." Ndinajambula mzimayi papepala lililonse. Ataona mzimayi woyambayo anati ndamupatsa mapazi aakulu ngati a alamu anga, koma anamulola.

Ine ndinati tatha. Iwo anati ayi, sitinayese. Anasokoneza mapepala aja, ena mozondoka, n'kukawapatsa a Elube, amene maso anali atayamba kale kuchita chifunga. Inu masiku ano mumatumiza uthenga musanauwerenge n'komwe, kenako n'kumati yalakwitsa ndi foni. A Elube anatenga loyamba, anati, "Iii, mwana wa eni ake mwamuimika chamutu," n'kulitembenuza okha. Anawasanja onse potsata timizere. Pamodzi pokha ndi pamene anakakamira, pa kachitsulo kogwiriza chogwirira, ndipo pepala limenelo ndinalijambulanso kawiri mpaka analidutsa osafunsa. Zaka zotsatira ndinakopera mapepala amenewa midzi yambiri, ndi pepala la kaboni lija labuluu lodetsa zala, ndipo ena ndinkakawapeza atakutidwa m'mapulasitiki a shuga mpaka kufupi ndi ku Boma. Koma Lamulungu limenelo zimenezi ndinalibe nazo ntchito, ndinkangoganiza za mawa.

Lolemba ndinapempha mnzanga kusukulu kuti andigwirire kalasi. Mudzi wonse unalipo, a Muhiwa ali kutsogolo. Anganga anu anandipatsa lamulo limodzi: ndikhale pachitsa, ndisatsegule pakamwa. Akuti kumidzi inayo ine sindidzakhalako kuti ndizilankhulira pepala. Ana inu, kwa mphunzitsi palibe chilango choposa chimenecho. Ndinaona ndodo zikutuluka imodziimodzi, zonyowa, amayi atatu akulandirana, wina atagwira, wina akumasula, wina akuyala. Pulanja itatuluka, anganga anu anayang'ana pepala, anayang'ana mzimayi wa ndowa uja, anavula kalabala pang'onopang'ono n'kukatembenuza. Anaonetsa anzawo awiri aja, aliyense anavomera ndi mutu. Ndodo zinabwerera m'dzenje. Kuphiri kunagunda bingu, ndipo ine malaya anali atanyowa kumsana.

Amene anagwira chogwirira ndi anganga anu. Kamodzi, kawiri, chopepuka. Kachitatu, kachinayi, chimodzimodzi. A Muhiwa anayamba kukonza kukhosi. Kenako ndinaona mapewa a anganga anu akulimba, chogwirira chalemera. Mjigo unakhosomola, unalavula dzimbiri, madzi oyera n'kuti khwaa pasimenti. Nthungululu zinamveka mpaka kudambo. A Muhiwa anatunga ndi manja, anamwa, anapukuta pakamwa, n'kunena kuti timalabala ta ku Migowi n'tolimba ndithu. Za sipanala sanazitchulenso.

Anganga anu sanavine nawo. Anasamba m'manja, anatola mapepala aja, n'kubwera pachitsa pamene ndinakhala. Anasolola cholembera chofiira m'thumba la malaya anga, chimene ndinkachongera makope a ana. Anachigwira ngati mpeni wosendera chinangwa, n'kuchonga papepala lapamwamba mwamphamvu mpaka linabooka.

"Mwakhoza, aphunzitsi," anatero anthu onse akumva. "Koma mwachita kubwereza kalasi."

Ndinaseka nawo anthuwo, misozi ili m'maso. Titafika kunyumba ndinawafunsa chapansipansi ngati andikhululukira za masiku atatu aja. Anati pepala achonga, zinazo akuziganizirabe. Awo ali apowo, Takondwa, tawafunsa ngati anamaliza kuganiza. Ine ndimaopa.